Mabatire a lithium akatha ntchito, adzawatolera ndani? Phunziro lochokera ku South Africa

JOHANNESBURG – M'chaka cha 2023 kampani ya boma yogulitsa magetsi ku South Africa, Eskom, inazimitsa magetsi mosinthanitsa madera pa masiku oposa 330. Panthawi zina mabanja ankakhala opanda magetsi kwa maola 10 pa tsiku. Aliyense amene thumba lake linkalola anathamangira kugula mapanelo a magetsi a dzuwa, mainveta ndi mabatire osungira mphamvu, ndipo m'chaka chimodzi chokhacho dzikoli linaitanitsa mabatire a lithium-ion a ndalama zoposa madola a ku America biliyoni imodzi, ochuluka mwa iwo kuchokera ku China.

Kuzimazima kwa magetsi kunachepa kwambiri kuyambira mu Malichi 2024, koma mabatirewo akadali pa zipupa za m'nyumba, m'masitolo, m'zipatala ndi patsinde pa nsanja za mafoni. Batire la mtundu umenewu limagwira ntchito zaka pafupifupi 10, lina kupitirira apo ngati lasamalidwa bwino. Popeza anagulidwa nthawi imodzi, ambiri adzafookanso nthawi imodzi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2030.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mabatire amene anapulumutsa mabanja ndi amalonda ku mdima adzasanduka matani zikwizikwi a zinyalala zosachedwa kuyaka moto, ngakhale kuti m'kati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali. M'chigawo cha kum'mwera kwa Africa, South Africa ndiyo ili patsogolo pa malamulo okhudza nkhaniyi, ndipo zimene yakumana nazo zikuonetsa kuti luso loyenga zitsulo lilipo kale. Chovuta n'chakuti mabatire akutha safika kumene angayengedwe, ndiponso ndalama zowafikitsira kumeneko sizinapezeke zokwanira.

M'kati mwa batire muli chiyani?

Batire la lithium-ion linayamba kugulitsidwa mu 1991 ndi kampani ya Sony ya ku Japan. South Africa ili ndi dzanja lake m'mbiri imeneyi. Katswiri wina wa dzikoli, Michael Thackeray, wa ku bungwe la kafukufuku la CSIR ku Pretoria, anathandiza kutulukira kagwiritsidwe ntchito ka manganese m'mabatire otere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene ankagwira ntchito ku Oxford limodzi ndi John Goodenough, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019.

M'kati mwa batireli muli mapepala awiri opyapyala a zitsulo, okulungidwa pamodzi kapena osanjikizidwa. Loyamba ndi la aluminiyamu, lopakidwa ufa wa lithium wosakaniza ndi zitsulo zina, ndipo akatswiri amalitcha cathode. Lachiwiri ndi la mkuwa, lopakidwa graphite, ndipo limatchedwa anode. Pakati pa awiriwa pali kapulasitiki kopyapyala koposa pepala lolembapo, kamene kamawaletsa kugundana. Zonsezi zimanyowetsedwa ndi madzi a mankhwala osachedwa kugwira moto. Munthu akamatchaja batire, lithium imachoka ku pepala loyamba n'kukabisala mu graphite. Akamaligwiritsa ntchito, imabwerera kumene inachokera.

Pa ulendo uliwonse wotere, lithium pang'ono imakodwa panjira ndipo siyendanso. N'chifukwa chake foni imene inkakhala masiku awiri osatchaja imayamba kuzima dzuwa lisanalowe. Komatu zitsulozo sizinathe ayi. Cobalt, nickel, mkuwa ndi lithium zimene zinalowa m'batire ku fakitale zimakhala zikadali momwemo, ndipo zikayengedwanso bwino sizisiyana ndi zochokera ku mgodi.

Mabatire a lithium si amtundu umodzi, ndipo kusiyana kwake n'kumene kwagona nkhani yonse ya ndalama. A m'mafoni ndi m'makompyuta a m'manja amakhala ndi cobalt wambiri. Ambiri a m'galimoto zoyendera magetsi amasakaniza nickel, manganese ndi cobalt. Koma ochuluka mwa amene amamangidwa pa zipupa za m'nyumba posungira magetsi a dzuwa ndi a mtundu wotchedwa LFP, umene mulibe cobalt kapena nickel. M'malo mwake muli chitsulo wamba ndi phosphate, zinthu zotsika mtengo.

Kuopsa kwa batire lotayidwa

Batire limene mwini wake akuti latha limakhala likadali ndi mphamvu yotsalira. Likaphwanyidwa m'galimoto yonyamula zinyalala, likabooledwa ndi msomali kapena likasiyidwa pa dzuwa lamphamvu, kapulasitiki ka pakati kaja kamang'ambika, mapepala awiri aja n'kugundana. Kutentha kumakwera m'kanthawi kochepa, madzi a mankhwala aja amayaka, ndipo motowo umalumphira ku mabatire oyandikana nawo. Moto wotere ndi wovuta kuuzimitsa, ndipo ukhoza kubukanso patapita maola angapo anthu ataganiza kuti wazima.

Utsi wake uli ndi mpweya wa hydrogen fluoride umene umawononga maso ndi mapapo. Batire likawolera kumtaya, zitsulo monga nickel ndi cobalt zimasungunukira m'madzi a mvula n'kulowa m'dothi ndi m'zitsime. Oyamba kupuma utsiwo ndi anthu amene amapeza chakudya chawo potola zinthu kumtaya, pamodzi ndi mabanja okhala m'mphepete mwake.

Mmene amayengeranso mabatire

Ntchito yobweza zitsulo kuchokera m'batire ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba silifuna fakitale yaikulu kwambiri. Mabatire amasankhidwa malinga ndi mtundu wake, mphamvu yotsalira imachotsedwa, ndipo akuluakulu amamasulidwa ndi manja kuti nthambo, zotengera za zitsulo ndi timakina toyang'anira batire zipite pazokha. Otsalawo amaperedwa m'chigayo chotsekedwa, chimene amachotsamo mpweya wabwino kapena kuthiramo madzi pofuna kupewa moto. Kenaka amasefa ndi kupeta, monga mayi apetera mphale, mpaka mkuwa, aluminiyamu ndi pulasitiki zitapatukana. Chotsala ndi ufa wakuda umene amalonda amautcha black mass, ndipo m'menemo ndi mmene muli lithium, cobalt, nickel, manganese ndi graphite.

Gawo lachiwiri, lopatula zitsulo m'ufa wakudawo, ndilo lodula. Njira imodzi ndi ya ng'anjo. Mabatire kapena ufa wake amazisungunula pa moto wa madigiri oposa 1,000, ndipo pansi pamatsala chitsulo chosakanikirana cha cobalt, nickel ndi mkuwa. Kampani ya Umicore imagwiritsa ntchito njirayi ku Hoboken m'dziko la Belgium, pa ng'anjo yotha kulandira matani 7,000 pa chaka. Ubwino wa ng'anjo ndi wakuti sisankha kwambiri chimene yalandira. Kuipa kwake n'kwakuti imadya mphamvu zambiri, graphite amapsa, ndipo lithium imathawira m'zinyalala zoyandama pamwamba, kumene kuichotsako kumafuna ntchito ina.

Njira yachiwiri ndi ya asidi. Ufa wakuda amausungunula mu asidi, kawirikawiri wa sulphuric, kenaka amathiramo mankhwala osiyanasiyana amene amakoka chitsulo chimodzichimodzi mpaka chilichonse chitakhala pachokha. Fakitale yoyenda bwino imabweza magawo oposa 90 pa 100 alionse a cobalt ndi nickel, komanso lithium yambiri. Vuto lake ndi madzi oipa amene amatsala, ofunika kuyeretsedwa asanatayidwe. Palinso njira yachitatu, yokonza ufa wa cathode osausungunula kuti ubwerere m'batire latsopano, koma imeneyi ikadali yoyesedwa m'malo ambiri.

Njira ya asidi si yachilendo kuno. Mafakitale a ku Rustenburg ndi ku Springs akhala akupatula nickel, mkuwa ndi cobalt kuchokera m'miyala ya platinum kwa zaka zambiri, ndipo ku Copperbelt m'dziko la Zambia ndi ku Katanga m'dziko la Democratic Republic of Congo amisiri amaidziwa bwino ntchito imeneyi.

Chifukwa chake batire la mtovu silisowa wolitola

Pofuna kumvetsa vuto la mabatire a lithium, n'kothandiza kuyang'ana mkulu wake, batire la mtovu limene limalizira galimoto wamba. Ku South Africa batire lotere silionekaoneka kumtaya. Wogula latsopano amalipira ndalama yoonjezera ngati sanabweze lakale, ndipo makampani monga Fry's Metals ya ku Germiston amasungunula mtovuwo kuti upangirenso mabatire ena m'dziko momwemo.

Dongosololi limayenda pa zifukwa zitatu. Mabatire a mtovu onse amapangidwa mofanana. Mtovu ndi woposa theka la kulemera kwa batire ndipo umasungunuka pa madigiri 327 okha. Koposa zonse, batire limodzi lakutha lili ndi mtengo wokwanira kuti munthu alinyamule pa njinga kukaligulitsa. Msika wokha umalitola.

Phindu lomwelo ndilo limakopa anthu kusungunula mtovu kuseri kwa nyumba, ndipo zotsatira zake n'zodziwika. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008 kaamba ka mtovu wochokera m'mabatire amene anthu ankaswa m'mudzimo. Anthu a ku Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, amadziwanso kuti chitsulochi chikalowa m'dothi sichitulukamo msanga.

Batire la lithium lilibe chimodzi mwa zifukwa zitatu zija. Mitundu yake ndi yambiri, maonekedwe ake ndi osiyanasiyana, ndipo zitsulo zake n'zosakanikirana kotero kuti munthu wamba sangazipatule. La m'foni limalemera magalamu makumi angapo chabe, ndipo m'mafoni ambiri amakono ndi lomatidwa ndi guluu. Palibe amene angayende mtunda kukagulitsa kabatire kamodzi.

Mabatire safika ku fakitale

Mu 2021 bungwe la boma lofufuza za miyala ya m'migodi la Mintek, limene lili ku Randburg, linatulutsa lipoti lounika ngati fakitale yoyenga mabatire a lithium ingapindule ku South Africa. Linapeza kuti panthawiyo m'dzikomo munalibe fakitale yotere, kuti mabatire ochepa amene ankatoleredwa ankatumizidwa kunja, ndiponso kuti otoleredwawo anali ochepa kwambiri moti sakanakwanira kuyendetsa fakitale mopanda kuluza. Chiyambire nthawiyo makampani ena ang'onoang'ono ayamba kupera mabatire ndi kuyesa njira zoyengera, koma vuto limene lipotilo linaloza silinasinthe kwenikweni.

Mabatirewo alipo, koma amwazikana. Foni yakale kuno sitayidwa msanga. Imapita kwa m'bale, imakonzedwa pa msika, imawoloka malire m'chikwama cha munthu wobwerera kwawo, ndipo ikafa imasungidwa m'dilowa poti mwina tsiku lina idzathandiza. Lipoti la nthambi za bungwe la United Nations lotchedwa Global E-waste Monitor, limene linatuluka mu 2024, linati mu 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo magawo 22 okha pa 100 alionse ndiwo anatoleredwa ndi kukonzedwanso m'njira yovomerezeka. Mu Africa chiwerengerocho sichinafike ndi gawo limodzi lomwe pa 100.

Fakitale yoyenga ili ngati chigayo cha m'mudzi: mwini wake amalipira antchito ndi magetsi tsiku lililonse, kaya kwabwera chimanga kaya ayi. Amalonda safuna kumanga fakitale popanda chitsimikizo cha mabatire okwanira, ndipo otolera safuna kutolera popanda wogula ali pafupi.

Mtundu wa batire ndi mtengo wa zitsulo

Wina angaganize kuti mabatire akuluakulu ogulidwa mu 2022 ndi 2023 adzathetsa vuto la kuchepa kwa katundu. Pa kulemera adzathetsadi. Pa ndalama nkhani ndi ina, popeza ambiri mwa iwo ndi a LFP. Phindu la woyenga limachokera makamaka ku cobalt ndi nickel, ndipo m'batire la LFP zogulitsika ndi lithium pang'ono, mkuwa ndi aluminiyamu basi. Ku Ulaya ndi ku America, makampani ambiri oyenga salipira munthu amene wabweretsa batire lotere. Iyeyo ndiye amalipira kuti alilandire.

Mtengo wa lithium nawonso sukhazikika. Mu Novembala 2022 tani imodzi ya lithium carbonate inafika pafupifupi ma yuan 600,000 ku China. Pofika kumapeto kwa 2023 inali itatsika kufika pansi pa 100,000. Kutsika kotere kumagwetsa ngakhale makampani aakulu. Li-Cycle ya ku Canada, imene inali m'gulu la makampani otchuka pa ntchitoyi, inapempha chitetezo cha khoti mu Meyi 2025 italephera kubweza ngongole zake.

Tanthauzo lake n'lakuti batire la pa chipupa silidzadzitola lokha monga limachitira la mtovu. Ngati kulichotsa kudzafuna kuti mwini nyumba alipire, ambiri adzalisiya kuseri kwa nyumba kapena kuligulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, amene adzaliswa ndi hamala kuti achotse mkuwa n'kutaya zotsalazo.

Zimene malamulo a South Africa akunena

Boma la South Africa lachita zinthu ziwiri. Choyamba ndi chiletso. Malamulo a katayidwe ka zinyalala a 2013 analetsa pomwepo kutaya mabatire a mtovu kumtaya, ndipo anapereka zaka 8 kwa mabatire a mitundu ina. Nthawiyo inakwana pa 23 Ogasiti 2021, ndipo kuyambira tsiku limenelo batire la lithium sililoledwa kumtaya.

Chachiwiri ndi kusenzetsa udindo amene amabweretsa katundu pa msika. Pansi pa lamulo la zinyalala la 2008, boma linasindikiza mu Novembala 2020 malamulo onena kuti wopanga kapena woitanitsa katundu ndiye ayenera kuona za katunduyo akatha ntchito. Malamulowa anayamba kugwira ntchito mu Meyi 2021 pa zipangizo zamagetsi, mababu, mapepala ndi zolongedzera katundu, ndipo mu 2023 anafikanso pa mabatire ang'onoang'ono onyamula m'manja. Kampani iliyonse iyenera kulembetsa ku boma, kenaka kukhazikitsa dongosolo lake lotolera kapena kulowa m'bungwe limene limatolera m'malo mwa makampani ambiri. Ndalama imene imapereka pa katundu aliyense wogulitsidwa ndiyo imalipira nkhokwe zotolera, mayendedwe ndi kuyenga.

Malamulowa sanaiwale anthu otola zinthu kumtaya ndi m'misewu, amene kafukufuku wa m'zaka zapitazo anayerekeza kuti alipo pakati pa 60,000 ndi 90,000. Akuti mabungwe otolera aziwalowetsa m'dongosolo ndi kuwalipira pa ntchito yawo. Pa mabatire a lithium mfundoyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa anthu amenewa ndiwo amafika khomo ndi khomo kumene galimoto ya kampani sifika. Akaphunzitsidwa kuzindikira batire lotupa, kumata nsonga zake ndi tepi ndi kulisunga pa mthunzi, ndiponso akalipidwa pa batire lathunthu losaswa, moto ndi utsi zingachepe.

Komabe pali mipata. Makampani amene salembetsa amagulitsa motchipa kuposa amene akumvera lamulo. Chiletso cha kumtaya n'chovuta kuchilondoloza pamene kabatire kabisala m'thumba la zinyalala za kukhitchini. Ndipo pali vuto la nthawi: kampani imene inaitanitsa batire mu 2023 ikhoza kudzakhala itatseka pofika 2033. Ngati ndalama yolichotsera sinasungidwe pa tsiku logulitsa, batirelo lidzakhala lamasiye, ndipo mtolo udzagwera makhonsolo a mizinda.

Mmene maiko ena achitira

Dziko la India, limene nalonso lili ndi anthu ambiri okhalira kutola zinyalala, linakhazikitsa malamulo a mabatire akutha mu Ogasiti 2022. Malamulowo amakhudza mabatire a mitundu yonse, amaletsa kuwataya kumtaya kapena kuwatentha, ndipo amalola kampani yoyenga kugulitsa ziphaso zosonyeza kuchuluka kwa zimene yayenga kwa opanga ndi oitanitsa mabatire, amene ayenera kukwaniritsa mlingo woikidwa ndi boma. Mwa njira imeneyi woyenga amapeza ndalama ziwiri, ya zitsulo ndi ya chiphaso.

China inayamba kale. Mu 2018 inalamula kuti opanga galimoto zamagetsi azitolera mabatire awo ndiponso kuti batire lililonse lizilondolozedwa kuyambira ku fakitale. Malinga ndi bungwe la International Energy Agency, mu 2023 magawo oposa 80 pa 100 alionse a mphamvu ya mafakitale oyenga mabatire padziko lonse anali ku China. Chinsinsi chake n'chakuti mafakitale opanga mabatire atsopano ali komweko, choncho woyenga sasowa wogula.

Bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lake mu 2023. Likuti pofika kumapeto kwa 2027 oyenga azibweza magawo 50 pa 100 alionse a lithium, ndipo pofika 2031 afike pa 80. Kuyambira 2031 mabatire akuluakulu atsopano adzayenera kukhala ndi cobalt woyengedwanso wosachepera magawo 16 pa 100, ndi magawo 6 a lithium komanso a nickel. Lamuloli likusandutsa ufa wakuda uja kukhala katundu wolimbiranidwa, ndipo likukhudza South Africa mwachindunji popeza galimoto zambiri zimene imapanga zimagulitsidwa ku Ulaya.

Nkhani ya chigawo chonse

Vutoli silithera pa mtsinje wa Limpopo. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi a m'damu la Kariba ndipo anthu a ku Zambia anafika pokhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi, zimene zinachititsa kuti nawonso athamangire mabatire. Ku Malawi, malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti, amene anatsegulidwa mu 2022, ali ndi mabatire a mamegawati 5. Ku Cuamba m'dziko la Mozambique malo ena otere anatsegulidwa mu 2023, chaka chomwe ku Kenhardt m'chigawo cha Northern Cape kunayamba kugwira ntchito mabatire a mamegawati 225. M'midzi ya maiko onsewa muli nyale zambirimbiri za dzuwa, iliyonse ndi kabatire kake.

Chodabwitsa n'chakuti zambiri mwa zitsulo za m'mabatirewa zinachokera m'nthaka ya chigawo chomwechino. Democratic Republic of Congo imakumba pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a cobalt wa padziko lonse. South Africa ndiyo imakumba manganese wochuluka kuposa dziko lina lililonse. Zimbabwe ili ndi migodi ya lithium ku Bikita ndi ku Arcadia, ndipo mu Disembala 2022 inaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonzedwa. Ku Balama kumpoto kwa Mozambique kuli umodzi mwa migodi ikuluikulu ya graphite. Mu Epulo 2022 Zambia ndi Democratic Republic of Congo zinasainirana pangano loti zigwirizane popanga zipangizo za mabatire.

Monga zinthu zilili, miyala imachoka yosayengedwa kwenikweni, imabwerera ili m'batire lodula, ndipo batirelo likatha ufa wake umakweranso sitima kupita ku Asia kapena ku Ulaya. Phindu limatayika kawiri. Ndondomeko ya SADC yotukula mafakitale, imene atsogoleri anavomereza ku Harare mu Epulo 2015, imalimbikitsa kuti miyala izikonzedwa kuno isanagulitsidwe, ndipo mfundo yomweyo ikukhudza zitsulo za m'mabatire akutha.

Palibe dziko la m'chigawo chino limene palokha lingapeze mabatire okwanira fakitale yaikulu m'zaka zochepa zikubwerazi. Mutu umodzi susenza denga. Njira imene ikuoneka yotheka ndi yakuti dziko lililonse likhale ndi malo otolera ndi operera mabatire, ndipo ufa wakuda uzipita ku fakitale imodzi kapena ziwiri zoyengera. Ufawo ndi wosavuta kunyamula ndipo suyaka ngati batire lathunthu.

Apa m'pamene pamabwera nkhani ya malire. Pangano la Basel la 1989 limafuna kuti dziko lotumiza zinyalala zoopsa liyambe lapeza chilolezo cholembedwa kuchokera ku dziko lolandira ndi maiko onse amene katunduyo adutsemo, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2025 lamuloli likukhudza zinyalala zonse za zipangizo zamagetsi. Pangano la Bamako la 1991 limaletsa kulowetsa zinyalala zoopsa mu Africa kuchokera kunja, ngakhale kuti South Africa sili m'panganoli. Mapanganowa anabadwa pa zifukwa zomveka, pamene maiko olemera ankasandutsa Africa dzala lawo. Koma lole yochoka ku Lilongwe kupita ku Gauteng iyenera kudikira zilolezo za maiko angapo, ndipo popanda mgwirizano wofewetsa ndondomekoyi pakati pa maiko a SADC, wamalonda wamng'ono adzagwa mphwayi.

Moyo wachiwiri wa batire

Batire lisanaperedwe likhoza kugwiranso ntchito ina. La m'galimoto limachotsedwa likatsala ndi magawo 70 kapena 80 pa 100 alionse a mphamvu yake yoyamba, ndipo limathabe kuunikira nyumba kwa zaka zingapo. Ku South Africa makampani ena amagulitsa mabatire a m'nyumba opangidwa kuchokera ku mabatire a galimoto zamagetsi za kunja. M'misika ya m'mizinda yambiri amisiri amamasula mabatire a makompyuta a m'manja, n'kusankha timabatire tamoyo kuti apangire zotchajira mafoni ndi nyale.

Ntchito imeneyi imatsitsa mtengo wa magetsi kwa osauka ndipo imapereka ntchito. Kuopsa kwake n'kwakuti timabatire tosayezedwa bwino tikalumikizidwa popanda kachipangizo koyang'anira kutentha tikhoza kuyatsa nyumba. Komanso dziko lolandira mabatire ogwiritsidwapo kale ntchito limalandira zinyalala zimene zidzafika msanga kuposa za batire latsopano. Moyo wachiwiri umangochedwetsa tsiku loyenga.

Zaka zimene zatsala

South Africa ikukonzekera kuyamba kupanga galimoto zamagetsi zambiri. Boma linatulutsa ndondomeko yake pa nkhaniyi mu Disembala 2023, ndipo linalonjeza kuchepetsa msonkho kwa makampani amene aike ndalama m'mafakitale a galimoto zotere. Mabatire a galimotozo adzaonjezera mulu umene ulipo kale.

Zofunika kuchita zikudziwika. Ndalama yochotsera batire iyenera kutoleredwa pa tsiku limene batirelo likulowa m'dziko, n'kusungidwa pamalo pamene kutseka kwa kampani sikungaifikire. Batire lililonse lalikulu liyenera kulembedwa mtundu wake ndi dzina la woliitanitsa. Malo obwezera mabatire ayenera kukhala pafupi ndi anthu, m'masitolo momwe anawagula, ndipo wobweza azipeza kanthu monga amachitira ndi batire la mtovu. Maiko a SADC ayenera kugwirizana za kayendedwe ka ufa wakuda pakati pawo mafakitale asanamangidwe.

Kwa mwini batire, malangizo a akatswiri ndi achidule: batire lotupa kapena lotentha lisatchajidwenso, lisabooledwe, lisatenthedwe ndipo lisaponyedwe m'chimbudzi kapena m'dzala. Nsonga zake zimatidwe ndi tepi, lisungidwe pouma ndi pozizira kutali ndi pogona, mpaka litabwezedwa kwa wogulitsa kapena ku malo ovomerezeka.

Kumanga fakitale yoyenga, kupeza zilolezo zake ndi kuphunzitsa antchito kumatenga zaka zingapo, ndipo kuzoloweretsa anthu kubweza mabatire kumatenga nthawi yoposa pamenepo. Mabatire amene anamangidwa pa zipupa mu 2023 adzakwanitsa zaka 10 mu 2033.